Denga la Loja Silikhomeredwa

Ana a mlongo wanga amati ndinakadya moyo ku Harare. Amanena akuseka, koma ndimadziwa kuti pansi pa kusekako pali funso lakuti, nanga malume, zaka zonsezo munabwerako ndi chiyani? Ndinabwerako ndi chikwama chimodzi ndi bulangete. Mlongo wanga amene ndinkamutumizira ndalama za yunifolomu ndi feteleza ndinapeza atagona kale kumanda, munda wanga atagawana, ndipo ana amene anaphunzira ndi thukuta langawo anandilandira ngati mlendo wofunsa njira. Zimenezo ndinazimeza. Chimene chimandikanika kumeza mpaka lero si cha kuno ku Bembeke ayi. Ndi nkhani ya malata a bambo Jailosi, ndipo chaka chilichonse chisanu chikayamba kuluma zala imandibwerera yonse.

Ndinachoka kuno ndevu zikungoyamba kumene, pa lole ya munthu wina yodutsa ku Tete. Ntchito ndinakaipeza pa famu ya fodya cha ku Banket. Tsiku lomwe ndinafika ku komboni, kumene antchito tinkagona, munthu woyamba kundiyankhula Chichewa anali bambo Jailosi. Anali a ku Ntcheu, mtchona weniweni, amene anachoka kwawo ine ndisanabadwe. Anandiyang'ana kumapazi n'kunena kuti, "Iwe ndiwe wa ku Dedza, ming'aluyo siinama." Kuyambira pomwepo ndinakhala mphwawo. Anandiphunzitsa Chishona chogulira mchere, anandionetsa kapitawo woyenera kumuzemba, ndipo malungo atandigwetsa chaka choyamba ndi iwo amene ankandiphikira phala.

Ntchito yawo inali yosonkha moto m'nyumba zowotchera fodya. Zaka ndi zaka akupuma utsi ndi fumbi, kutuluka kotentha n'kulowa kozizira, mpaka chifuwa chawo chinayamba kulira pokoka mpweya. Akazi awo anamwalira pa famu pomwepo, ndipo ana Mulungu sanawapatse. Ankati m'bale wawo ndine, ndipo ine sindinkatsutsa.

Mafamu atayamba kulandidwa, yathu inapita nawo. Za mzungu sindilira, iye anakwera galimoto yake n'kupita kwa abale ake. Ifeyo, olanda famuwo anatiuza kuti tibwerere kwathu, ngati kuti kwathu ndi kuseri kwa chulu. Munthu wakalambira pa fodya wa dziko limenelo, lero akuti si wa kuno. Penshoni yonse ya bambo Jailosi inali malata asanu ndi limodzi a asibesitosi, aja otuwa, olemera, amene ukawagwetsa amasweka ngati mbale. Mzungu anawapatsa chaka china shedi yakale itagwa, iwo n'kufolerera kanyumba kawo. Tinawatsitsa mosamala, tinanyengerera dalaivala wa lole ya nkhuni, n'kulowa nawo mu Harare titakhala pambali pake kuwagwirira.

Tinakafikira ku Dzivarasekwa, kumalo atsopano amati ku Ekisitenshoni, kumene nyumba zambiri zinali makoma okhaokha opanda denga. Eni ake anali atapita kunja kukasaka ntchito, nyumba n'kuima pomwe ndalama zinathera. Imodzi mwa nyumbazo inali ya mayi wina, nesi wa ku Mangalande, ndipo woiyang'anira anali mchimwene wake wokhala ku Glen Norah, amene anthu ankamutchula Baba Tino. Anali munthu wa jekete lachikopa, woyankhula akuseweretsa makiyi m'manja. Pangano lathu linali lapakamwa. Ife tifolere chipinda chimodzi ndi malata athu, tizigonamo osalipira, koma tizilondera mafelemu a mawindo ndi njerwa kuti akuba asamalize, ndiponso tizimulimira kamunda kake ka chimanga ku dambo. Tinaomba m'manja monga achitira Ashona, n'kuthokoza.

Misomali tinalibe, choncho dzinja loyamba tinangosanjika malatawo pa mitengo n'kutsindira ndi miyala. Zinkatichititsa manyazi. Ku famu kapitawo akapeza lata lotsindira ndi mwala, tsiku limenelo wagwira yaulere. Ife tinakula tikudziwa kuti denga ndi lokhomera, basi. Ndiye tikayang'ana madenga a anzathu ogona m'nyumba za eni, amene kumeneko amati maloja, tinkangopukusa mitu. Pamwamba pali miyala, matayala akutha, zitsulo za injini, wina mpaka chitofu chakufa. Bambo Jailosi ankaseka mpaka kutsamwa.

"Anthu a m'tauni ulesi, mphwanga," ankatero. "Munthu wotchi ili pamkono, koma msomali umodzi wamukanika."

Masiku amenewo ndalama inali itasanduka masamba. Ukagwira ganyu m'mawa, pofika madzulo malipiro ako sagula ngakhale mpukutu wa ndiwo. Ndinasiya kulandira ndalama, ndinkati mundipatse ufa, sopo, kapena chilichonse chogwirika ndi manja. Kumudzi ndinasiya kutumiza, pakuti sopo sungamutumize pa positi, ndipo ndikuganiza kuti m'pamene anandifafaniza m'mitima mwawo. Magetsi ankabwera anthu atagona n'kuchoka asanadzuke. M'mipopi munali mphepo yokha, m'mashopu mashelefu okha. Kombi, minibasi ya kumeneko, inali ya anthu olemera. Ine ndinkalawira m'bandakucha wapansi kukasaka ganyu kulikonse kumene ndamva kuti wina akumanga kapena akukumba chitsime, ndipo madala ankatsala akulondera njerwa za eni.

Mvula itasiya mu Epulo, mphepo inayamba. Amene sanakhaleko amaganiza kuti ku Harare n'kotentha. Ine ndine wa ku Bembeke, chisanu ndimachidziwa, koma cha m'mbali mwa dambo la Dzivarasekwa chili ndi mano akeake. Malata a asibesitosi ndi opindikapindika, ndipo pomwe lata lakhala pa khoma pamatsala mabowo mzere wonse, oti mkono n'kulowa. Mphepo inkalowera mmenemo ikuimba mluzu, kwinaku ikutukula malatawo ngakhale panali miyala. Bambo Jailosi anayamba kutsokomola kosalekeza, ndipo tsiku lina ndinaona magazi pa kansanza kamene ankabisa m'thumba. Ku chipatala anawapima n'kutiuza kuti mankhwala kulibe, tingowasunga pofunda. Nesi wa pachipatalapo sanabise. Anati akadutsa Juni ndi Julaye ndiye kuti chaka chimenecho apulumuka.

Ndiye ndinati denga ili ndilikonza ngati munthu.

Misomali yaitali ndinaizula pa mitengo ya shedi ina yakugwa kuseri kwa fakitale yotsekedwa, n'kuiwongola umodziumodzi pa mwala. Ku Waterfalls ndinasakaniza konkire kwa bwana wina womanga mpanda, ndipo m'malo mwa malipiro ndinapempha simenti yotsala. Ndinaisenza pamutu ulendo wonsewo, khosi linauma sabata yathunthu. Ming'alu ya m'malata ndinaimata ndi nzeru imene anandionetsa anyamata oitanira makombi. Umatola zoyera zopepuka zija amatchingira wailesi m'katoni, n'kuziviika m'kapu ya petulo, ndipo zimasungunuka n'kukhala phala lomata kuposa phula. Petuloyo ndinasinthanitsa ndi nsapato zanga za ku tchalitchi. Bambo Jailosi kukwera pamwamba sakanatha, koma manja anali nawo. Ankakhala padzuwa n'kumasoka matumba a feteleza, ili kulumikiza ndi linzake, kuti tipange siling'i. Akasoka ankandinyoza kuti singano yanga imayenda ngati woledzera, ndiye ndiwasiyire okha.

Tsiku lokhoma ndinakwera dzuwa litangotuluka. Miyala ija ndinaiponya pansi umodziumodzi, ndipo kunena zoona ndinkamva kukoma poiponya. Ndinakhoma m'mabowo akale omwe aja a ku famu kuti lata lisang'aluke. Kenaka ndinatseka mabowo onse a pakhoma ndi zidutswa za njerwa ndi simenti, n'kusalaza ndi chikhatho. M'kati tinapachika matumba aja, pamwamba pake n'kuunjika udzu wouma ndi manyuzipepala. Titatseka chitseko, mphepo inangomveka kunja. Bambo Jailosi anakhala pamphasa, anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Tsopano tagona m'nyumba."

Chakumunsi kwathu, kufupi ndi dambo, kunkakhala mayi Rozina m'kanyumba ka matabwa. Anali a ku Angonia, chigawo cha Tete, anathawa nkhondo ya kwawo ali mtsikana, ndipo Harare yense anali atamuzungulira akugulitsa tomato ndi nkhuni. Tsikulo anali kooda ku msika waukulu. Pobwera madzulo, dengu lili pamutu, anaima pamsewu n'kuyang'ana denga lathu. Ine ndinatuluka ndikupukuta simenti m'manja, kudikira kuti andiyamikire. Anatula dengu pansi.

"Achimwene, miyala ija ili kuti?"

"Ndataya, mayi. Taonani, lero ndi denga lenileni."

"Mwakhomera?"

"Ndakhomera, ndi simenti yomwe ndamata."

Anagwira pakamwa, kenaka anagwetsa manja. "Anthu a ku mafamu inu, bwanji osafunsa? Denga la loja silikhomeredwa. Mukuyesa tonsefe misomali sitiidziwa? Mwala uja umanena kuti malata awa ndi katundu wanga, tsiku lochoka ndinyamula. Mukakhomera ndiye kuti mwapatsa mwini khoma. Yasanduka nyumba yake imeneyo."

Ndinaseka. "Baba Tino akudziwa kuti malatawa tinabwera nawo. Anationa tikutsitsa pa lole."

"Akudziwa, ee," anatero, akusenzanso dengu lawo. "Ingopempherani kuti asabwere msanga."

Ndinene pano kuti sindinong'oneza bondo. Munthu akutsokomola magazi, iwe misomali uli nayo, uchita chiyani? Ndikanadziwa lamulo la malojalo, mwina ndikanakhomabe. Cholakwa sichili pa wokhoma denga. Chili pa malo amene munthu ayenera kugona mozizira mwadala kuti asaberedwe, ndipo aliyense n'kumaona ngati ndi mmene zinthu ziyenera kukhalira.

Mwezi wa Meyi unali wabwino, ndipo ndimaukumbukira bwino chifukwa ndi womaliza umene ndinawaona madala akuseka. Chifuwa chinayamba kugona. Kansanza kaja kanasiya kufiira. Anayamba kudya n'kumadandaula kuti ndiwo ndachepetsa mchere, chizindikiro chakuti munthu akuchira. Anakumba maenje a bawo pakhomo, ndipo madzulo ndikabwera ku ganyu tinkasewera ndi timiyala. Ankabera poyera, akagwidwa n'kumati maso akalamba. Tsiku lina anatenga khasu kuti akaone chimanga cha Baba Tino ku dambo, ine n'kuwalanda. Ndinayamba kuwerengera kuti Juni ndi Julaye tiwadutsa.

Baba Tino anabwera Juni atangoyamba, tsiku la mphepo yoipa. Analowa m'chipindamo, anaima pakati, ndipo patapita kanthawi anavula jekete lake lachikopa. Ndinaona ndi maso angawa kuti wamva kufunda kwa chipindacho. Anatosa siling'i ya matumba ndi kiyi, anagogoda simenti ya pakhoma, anatuluka kukayang'ana pamwamba. Anatiyamikira kwambiri, mpaka anatisiyira theka la buledi, chinthu chimene masiku amenewo chinkaoneka mwa apo ndi apo. Bambo Jailosi anakondwa kuti mwini waona ntchito. Ine buledi uja sindinamudye.

Sabata yotsatira anabweranso, ulendo uno ndi mnyamata wina ndi mkazi wake wobereka khanda, katundu wawo ali pa ngolo yokankha. Mnyamatayo anali ndi mkulu wake ku Joni amene ankamutumizira marandi ndi mafuta ophikira, ndipo loja wotero masiku amenewo ankalimbiranidwa.

"Mlongo wanga waimba foni," anatero Baba Tino m'Chishona, maso ali pa makiyi ake. "Akuti chipindachi chizibweretsa kanthu. Mupeze kwina."

Ndinati, "Tamva, baba. Nyumba ndi yanu. Mutipatse tsiku la mawa titsitse malata athu."

"Malata ati?"

"Awa, a madalawa. Munatipeza nawo."

"Ine ndikuona nyumba ya mlongo wanga," anatero. "Simenti iyo ili pa khoma la yani? Ugumule njerwa imodzi yokha, ndikuitanira apolisi. Ndiye tikaone kuti chitupa chako chimati ndiwe ndani."

Ankadziwa pomenya. Chitupa changa, monga cha aliyense wa ife, chinali ndi chilembo chosonyeza kuti ndine mlendo. Inalinso nyengo ya zisankho, anyamata a chipani akuyendayenda ndi zikwapu, ndipo ife ochokera ku mafamu ankatiyesa adani tisanatsegule ndi pakamwa pomwe. Mawu amodzi okha a munthu wa jekete anali okwanira kuti ndisaonekenso.

Komabe mutu unandiyaka. Ndinatola hamala, ndinakwera pawindo, ndinafika pamwamba. Sindinkafunanso kutsitsa. Ndinkafuna kuphwanya onse, lata ndi lata, kuti ngati si athu asakhale a munthu. Nditakweza dzanja ndinamva chitseko chikulira pansipo. Bambo Jailosi anali atatuluka, atatsamira felemu.

"Tsika, mphwanga."

"Madala, akutibera dzuwa likuswa mtengo."

"Ndaona. Tsika. Akakumanga iwe, ine madzi adzanditungira ndani?"

Ndinatsika. Tinakulunga mphasa, mabulangete, mapoto awiri, n'kutuluka. Ngakhale matumba aja anasoka ndi manja awo anatsala mommo, pakuti akuti nawonso anali nyumba. Mkazi wa khanda uja anayang'ana pansi nthawi yonseyi. Iwowo sindinawasungire chifukwa, anali anthu ofuna pogona ngati ife.

Mayi Rozina sananene kuti ndinakuuzani. M'kanyumba kawo munali kale iwo, ana awo aakazi awiri ndi zidzukulu, moti ngakhale mphaka sakanapeza popinda mchira. Anatipatsa kuseri. Ndinazika mitengo, ndinakuta ndi mapulasitiki otola, makatoni ndi masaka, ndipo pofika madzulo tinali ndi kachisakasa koti ulowe chokwawa. Pamenepo ndi pakamwa penipeni pa dambo. M'mawa udzu unkayera ndi chisanu, ndipo m'kati mwa pulasitiki munkachita madontho a mpweya wathu omwe, n'kumatigwera kumaso. Ndinkaotcha njerwa pamoto wa mayi Rozina, kuzikulunga m'sanza n'kuwaikira kumapazi ndi kumsana. Bulangete langa ndinkawafunditsa, ine n'kuvala saka. Sizinathandize. Pasanathe sabata chifuwa chinabwerera, ndipo chinabwera ndi ukali woposa kale.

Choipitsitsa chinali chakuti denga lija linkaoneka tili pakhomo pomwepo. Lokhalo m'mzere wonse linali lopanda mwala, looneka bwino, ming'alu yake itamatidwa mwaukhondo. M'mawa uliwonse ndikatuluka linkandilasa m'maso. Bambo Jailosi ndikawatulutsa kukaothera dzuwa ankapempha kuti ndiwakhazike choyang'ana ku dambo.

Juni akutha ndinayenda wapansi mpaka ku Glen Norah. Ndinafunsira nyumba ya Baba Tino, ndinagogoda pa geti, ndipo atatuluka ndinagwada pafumbi, ine munthu woyamba kale imvi. Sindinapemphe onse. Ndinati atipatseko awiri okha a kumapeto, ine ndidzatseka pamalopo ndi zina. Ndinati ngati zimenezo n'zovuta, alole madala okha azigona pakona ya chipindacho mpaka Ogasiti, ine ndizigona panja n'kumalondera monga kale. Anandimvetsera geti ali chigwirire.

"Malata amenewo sangatsike osasweka," anatero. "Wamata wekha ndi simenti. Akasweka, khoma lawonongeka, ndiye mlongo wanga ndikamuuza chiyani? Komanso munthu akadwala amapita kwawo. Kwanu kulibe abale?"

Ndinabwerera njira yonseyo ndikutukwana chamumtima m'zinenero zonse ziwiri. Kunyumba ndinangonena kuti sindinamupeze.

Bambo Jailosi anatisiya Julaye ali pakati. M'mawa wake ndikutenga zigubu kupita ku mjigo, anandiitana n'kunena kuti ndikawafunse mayi Rozina ngati ali ndi kashuga pang'ono, alakalaka tiyi wotsekemera. Ndinati ndikabwera. Mzere wa ku mjigo unali wautali monga mwa masiku onse. Pobwera ndinapeza mayi Rozina atakhala pakhomo pa kachisakasa kaja, chitenje atafunda kumutu, ndipo ndinangotula zigubu pansi.

Anthu athu pa maliro sachedwa. Pofika masana anali atasonkhana a ku Malawi ndi a ku Tete ochokera m'Dzivarasekwa monse, ena amene tinali nawo ku mafamu, ena osawadziwa n'komwe. Gulu lathu loikana maliro linalibe kanthu m'thumba, koma wina anapereka wadiropu yakutha ndipo akalipentala anayamba kukhoma bokosi. Uyu kaufa, uyu kamtolo ka nkhuni. Thupi linagona momwemo m'mapulasitiki, pakuti kwina kunalibe. Amayi anayamba nyimbo za kwathu, ndipo Ashona oyandikana nafe, ambiri anthu abwino ndithu, anabwera kudzakhala nafe.

Chimene sindinadziwe n'chakuti mayi Rozina, popita kukatunga madzi osambitsira thupi, anauza amayi a pa mjigo kuti madala afa dzina la Baba Tino lili pakamwa. Linali bodza. Chichokereni m'nyumba muja, bambo Jailosi sanamutchule munthu ameneyo ngakhale kamodzi. Koma mayi Rozina anakhala nawo Ashona nthawi yaitali, ankadziwa chimene amaopa. Ashonawo amakhulupirira kuti mlendo akafa ndi chidandaulo pa iwe, mzimu wake umalowa m'banja mwako, kudwalitsa ana ndi kutenga anthu mmodzimmodzi mpaka ulipe. Akakhala mlendo wa ku Malawi ndiye mantha amawirikiza, poti amatiyesa tonse a mankhwala. Mawuwo anafika ku Glen Norah tsiku lomwelo.

Mawa lake chakumasana, tili pa siwa, tinamva ngolo ikulira pamsewu. Anyamata awiri ankakankha, Baba Tino akutsatira pambuyo. Pa ngolopo panali malata a bambo Jailosi, onse asanu ndi limodzi, atayalidwa udzu pakati kuti asagundane. Ndinaimirira n'kukawagwira limodzilimodzi. Panalibe ngakhale limodzi losweka. Matumba a siling'i anali atapindidwa bwino pamwamba, ndipo misomali yanga inali m'kachitini. Ndinafunsa mmodzi wa anyamatawo kuti zinawavuta bwanji kutsitsa. Anati sizinavute, anayamba atamwa tiyi ndipo dzuwa lisanafike pamutu anali atamaliza, khoma silinagumuke n'pang'ono pomwe.

"Nanga anthu aja a khanda?" ndinamufunsa Baba Tino.

"Ndawauza afune pulasitiki," anayankha mofulumira, ngati ndamufunsa za nyengo. Maso ake anali pa kachisakasa.

Kenaka munthu uja anagwada pafumbi, pamaso pa anthu onse, n'kuyamba kuomba m'manja. 

"Katundu wa sekuru ndabweza yense," anatero kwa ine, kunena madala. "Inu ndinu m'bale wawo, amakumverani. Muwauze kuti ndabweza, palibe chatsala. Asandisungire mkwiyo. Ana anga sakudziwa kanthu."

Ndakhalapo wokwiya pa moyo wanga, koma osati ngati tsiku limenelo. Munthu wamoyo, wotsokomola magazi, wopempha malata awiri, anamumana ali chiimire pa geti. Mtembo anaupatsa onse, ndi udzu woyalira womwe, atagwada. Ndiye kuti nkhani sinali ya khoma, sinali ya mlongo wa ku Mangalande. Bambo Jailosi ali moyo sankaopsa munthu, basi. Mawu amene ndinamuuza anali ochepa.

"Ali m'katimo, baba. Lowani muwauze nokha. Chishona amamva."

Anayang'ana khomo la kachisakasako, lalifupi loti alowe chokwawa, pulasitiki ikukupiza ndi mphepo. Sanalowe. Anaombabe m'manja ali panja, akung'ung'udza zosamveka, kenaka anadzuka, anasasa maondo n'kumapita osacheuka.

Ine ndinati malatawo abwerere komwe achokera, sindikufuna kuwaona. Ndinali nditagwira kale ngolo kuti ndiitembenuze pamene mayi Rozina anandigwira mkono.

"Musaume mutu, achimwene. Mawa tikaika maliro mukafolere khanda lija, lisafe ndi chisanu nalonso. Koma lero ndi a eni ake. Mame asawagwere madalawa."

Amuna anaimirira osauzidwa. Ena anazika mitengo yolimba, ena anakanganula mapulasitiki ndi makatoni, ndipo tinakweza malatawo limodzilimodzi pamwamba pa thupi, amayi akuimba chapansipansi. M'mbali tinatchinga ndi matumba aja anasoka okha. Dzuwa polowa tinali titamaliza.

Tsiku limenelo bambo Jailosi anagona pansi pa malata awo, mopanda mphepo, ndipo mpaka kunacha sanatsokomole.